Mpira ukatulukira m'mwamba: mmene mungapezere malo enieni oponyera

Goloboyi waugwira mpira, wausiya m'manja nkuumenya ndi mphamvu zake zonse, mpira wakwera, wakhotera kumbali, wadutsa pamwamba pa mitu ya masapota mpaka wakagwera kuseri kwa chulu. Kamnyamata kathamanga kukautola, kapatsa winga yemwe ali pafupi, iyeyo waponya pomwe waimapo basi mpira ukupitirira. Palibe wafunsa kuti kodi mpirawu unadutsa mzere pati. Izi ndimaziona pafupifupi Lamulungu lililonse m'magalaundi athu a m'madera ndipo zimandiwawa, chifukwa pamenepa timu ina imaberedwa mamita khumi popanda aliyense kuzindikira, kenako tsiku lina pa fainolo ya bonanza anthu nkumenyana pa nkhani yomweyomweyo. Ndagwira mbendera komanso kuimbira mipira ya masukulu ndi ya m'midzi kwa nthawi yaitali ndithu, ndiye ndalemba izi kwa inu achimwene ndi achemwali amene mwayamba kupatsidwa mbendera ya layinzimani, wothandiza refu pa mzere wa m'mbali, kaya ndi mbendera yeniyeni kaya ndi malaya kapena nthambi ya mtengo, ntchito yake ndi imodzi.

Choyamba dziwani kuti kutuluka nkutani

Lamulo nambala 9 la mpira limati mpira watuluka pokhapokha ngati wonse wathunthu wadutsa mzere, kaya pansi kaya m'mwamba. Wonse. Osati theka, osati mbali yaikulu. Mzerewo ndi mbali ya galaundi, ndiye mpira ukakhala pa mzere uli mkati. Mzere sukuyenera kupitirira masentimita 12 m'lifupi, ndipo mpira wa akuluakulu kukula kwake kudutsa pakati ndi pafupifupi masentimita 22. Ndiye taganizani, mpira ndi wozungulira, umakhudza pansi ndi kamalo kakang'ono kwambiri, mimba yake imalendewera m'mbali. Zitha kutheka kuti pansi pake pali kunja kwa mzere, mpaka mukuona kaudzu pakati pa mzere ndi pomwe mpira wakhudza, koma mimba yake ikadali pamwamba pa mzere. Mpira umenewo sunatuluke.

Amene munaonera World Cup ya 2022 ku Qatar mukukumbukira Japan ndi Spain. Kaoru Mitoma anauthamangira mpira pa mzere wa kugolo nkuubwezera mkati, Ao Tanaka nkugoletsa, dziko lonse linakuwa kuti unatuluka chifukwa pa kanema kaudzu kamaoneka bwinobwino. Koma atauona kuchokera pamwamba anapeza kuti kachidutswa ka mpira kanali kakadali pamwamba pa mzere, chigoli chinavomerezedwa, Japan inawina 2-1 ndipo Germany, yomwe inali mu gulu lomwelo, inabwerera kwawo. Woimbira tsiku limenelo anali Victor Gomes wa ku South Africa. Ngati makamera odula aja ananamiza anthu chifukwa anajambula chopendekeka, nanga maso anu mutaima chopendekeka?

Chinanso chomwe masapota amasokoneza: timayang'ana mpira, osati munthu. Wosewera atha kuthamanga kunja kwa mzere mpira uli mkati, palibe vuto, akuwe bwanji kuti watuluka watuluka inu mbendera pansi. Ndipo mpira ukatuluka m'mwamba nkubwereranso mkati chifukwa cha mphepo kapena chifukwa woumenya anaupinda, watuluka basi, ngakhale usanagunde pansi. Ukagunda kamtengo ka mbendera ya pakona nkubwerera mkati, sunatuluke, masewera apitirire.

Musanayambe mpira

Fikani msanga muyende mzere wanu wonse ndi miyendo yanu. Ku Bingu Stadium kapena ku Kamuzu Stadium mizere imaoneka yokha, koma kwathu kuno mzere ndi phulusa, kapena laimu ngati komiti ili ndi ndalama, kapena kangalande kolima ndi khasu. Nthawi ya mvula laimu amakokoloka, mu Okutobala phulusa limauluka ndi fumbi isanakwane ndi hafu yomwe. Pomwe pafufutika uzani eni galaundi athirenso mpira usanayambe, ndipo ngati ndi kangalande gwirizanani ndi makaputeni onse awiri kuti malire ndi mphepete ya kunja ya kangalandeko, aliyense amve ndi makutu ake.

Masapota abwezeni kumbuyo. Izi musanyengerere ngakhale pang'ono. Mukufunika mpata woti muthamange komanso woti muone mzere wonse kuchokera kona ino mpaka kona inayo, ndiye ngati pali chingwe chimangidwe, ngati palibe pemphani akuluakulu a komiti kapena amfumu atume anyamata oti azibweza anthu. Munthu m'modzi yekha akasuzumira mutu kutsogolo wakutsekerani mamita 50.

Kenako sankhani zizindikiro. Ichi ambiri sachita koma ndi chomwe chimandipulumutsa ine. Yang'anani zinthu zosasuntha zomwe zili m'mbali mwa mzere: mtengo wa mango, polo ya magetsi, ngodya ya kalasi, chulu, benchi ya ma sabu. Muziloweze kuti mango ali moyang'anana ndi mzere wa bokosi, polo ili cha pakati, chonchotu. Mpira ukamadutsa m'mwamba mulibe nthawi yoyeza, koma ubongo umagwira msanga kuti wadutsa cha pa mango paja. Onaninso komwe kuli dzuwa, chifukwa mipira yathu imaseweredwa masana ndipo hafu yachiwiri dzuwa likamapendeka limalowa m'maso, kapu imathandiza. Ngati pali nthambi kapena waya wodutsa pamwamba pa galaundi, refu anene pasadakhale chomwe adzachite mpira ukagunda pamenepo.

Ndipo mukambirane ndi refu. Mphindi zisanu zokha. Ndani akuyang'ana chani, mukakayika mudzachita bwanji, chizindikiro chanu chachinsinsi ndi chiti.

Kaimidwe kanu

Apa ndi pomwe pagona nkhani. Kuti muone ngati mpira wadutsa mzere, diso lanu likhale pa mzere womwewo, muziyang'ana motsatira mzerewo ngati mmene mmisiri amayang'anira chingwe akamamanga khoma. Mukaima mamita awiri kunja, mpira wa m'mwamba womwe watuluka pang'ono uzioneka ngati uli mkati. Mukalowa m'galaundi, womwe uli mkati uzioneka ngati watuluka. Ndiye thamangani kunja pang'ono kwa mzere, pafupi kwambiri, ndipo mukangoona kuti mpira ukubwera cha kumzere sendezani mutu ufike pa mzere penipeni.

Mbendera ikhale m'dzanja lomwe lili mbali ya galaundi kuti refu aziiona nthawi zonse, ikhale yotambasula, yoloza pansi. Mukafuna kusintha dzanja sinthirani m'munsi mwa chiuno, osati pamwamba pa mutu, chifukwa mukasinthira m'mwamba anthu aona ngati mwasintha maganizo ndipo phokoso limayambira pomwepo.

Malo anu a nthawi zonse mukuwadziwa, kukhala moyang'anana ndi difenda wachiwiri kuchokera kumapeto chifukwa cha ofusayidi. Koma goloboyi wa mbali yanu akaugwira mpira m'manja, pitani kaye moyang'anana ndi mzere wa bokosi muone kuti sakutuluka nawo m'manja, akangoumenya thamangirani ku malo anu a ofusayidi. Pano pali lamulo latsopano lomwe linayamba mu 2025 loti goloboyi akasunga mpira m'manja kupitirira masekondi 8 timu inayo ipatsidwa kona, ndipo refu amawerenga masekondi asanu omaliza ndi zala dzanja lili m'mwamba. Ine ndaona kuti chifukwa cha lamuloli magoloboyi ena akumenya mothamanga, mpira nkumapita kumbali, ndiye khalani tcheru.

Mpira uli m'mwamba: dekhani

Cholakwa chachikulu cha oyamba kumene ndi kukweza mbendera msanga. Mpira ukuoneka kuti ukutuluka, aliyense akuona kuti ukutuluka, dzanja limangokwera lokha. Ine zinandichitikira mu Julayi wina pa galaundi ya sukulu ina kufupi ndi nyanja, mwera ukuomba mwamphamvu. Difenda anaumenya mpira m'mwamba kulozera kunja, ine mbendera m'mwamba, refu wezulo, koma mphepo inaugwira mpirawo usanadutse, unagwera pa mzere penipeni nkugudubuzikira mkati pomwe panali sitiraika yekhayekha. Refu anachita kugwetsa mpira kuti masewera ayambirenso, koma mwayi wa anyamata aja unali utapita kale, ndipo mpaka lero ndikaganiza nkhope ya mnyamata uja mtima umandipweteka chifukwa anayenda mtunda wautali wapansi kudzasewera. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono nkudekha. Kuchedwa ndi sekondi imodzi sikupweteka munthu, kufulumira ndi sekondi imodzi kumapha gemu.

Ndiye mpira ukakwera, imani kaye ngati mungathe, chifukwa maso a munthu wothamanga amagwedera. Mutu pa mzere. Tsatirani mpira. Pomwe mwaona kuti wonse wadutsa, pamenepo kwezani mbendera, ndipo nthawi yomweyo funsani mumtima kuti unali moyang'anana ndi chizindikiro chiti.

Tsopano vuto lenileni ndi ili. Inu amene muli pa mzere mumaona bwino kuti watuluka, koma simuona bwino kuti watulukira pati, makamaka ukakhala kutali, chifukwa mukuyang'ana chautali ndipo kumwamba kulibe chizindikiro. Mpira womwe uli mamita 30 kuchokera pomwe muli ndi womwe uli mamita 40 umaoneka pafupifupi chimodzimodzi. Refu amene ali mkati mwa galaundi ndi zosemphana, iye saona bwino ngati wadutsa koma amaona bwino kuti uli moyang'anana ndi pati. Aliyense ali ndi theka la yankho. Ndiye mbendera yanu imamuuza refu nthawi, iye amakuuzani malo.

Mmene amachitira ku America

Njira yomwe inanditsegula maso ndinaiona pa mpira wa ku America uja wa zisoti, wa mpira wooneka ngati dzira. Kumeneko timu imapatsidwa mipata inayi kuti isunthe mayadi khumi, ndipo ikaona kuti yalephera, kawirikawiri pa mpata wachinayi imaumenya mpira kutali kuchokera m'manja ngati mmene amachitira goloboyi, iwo amati punt. Mpirawo ukatulukira kumbali, timu inayo imayambira pomwe wadutsira mzere, ndiye omenya ena amachita dala kulozera kunja kufupi ndi kumapeto kwa galaundi kuti adani ayambire kutali kwambiri, ngodya imeneyo anaipatsa dzina loti coffin corner. Kwa iwo yadi imodzi ndi nkhani yaikulu, ndiye sangangoganizira.

Mu NFL, ligi yawo yaikulu ya mpira umenewu, oimbira amakhala asanu ndi awiri m'galaundi. Wamkulu wawo, wa chipewa choyera, amaima kumbuyo kwa womenya uja. Mpira ukagunda pansi mkati nkugudubuzikira kunja palibe vuto, woimbira wa m'mbali amaona yekha nkuponda pamalopo. Koma ukatulukira m'mwamba, wa chipewa choyera amaima pomwe mpira unamenyedwera nkuyang'ana njira yomwe wadutsa, ngati munthu woloza ndi legeni. Mnzake wa m'mbali uja amayambira kutsogolo, kupitirira pomwe akuganiza kuti mpira unadutsa, nkumabwerera motsatira mzere dzanja lili m'mwamba, akuyenda akumuyang'ana mkuluyo. Akangofika pomwe njira ya mpira ija ikudutsana ndi mzere, wa chipewa choyera amatsitsa dzanja ngati akudula ndi chikwanje, winayo amaima pompo, malo apezeka. Palibe makina, ndi anthu awiri ndi mizere iwiri yodutsana basi. Sikuti imalondola mpaka pa sentimita, mphepo ikaupinda mpira amaphonya pang'ono, koma ndi yabwino kutalitali kuposa kungolota.

Chenjerani pa chinthu chimodzi, kumeneko mzere ndi kunja, munthu wonyamula mpira akangoponda mzere watuluka. Kwathu mzere ndi mkati. Musasakanize.

Kuitengera kwathu

Mu mpira wathu refu sangaime kumbuyo kwa goloboyi, amayenera kukhala cha pakati pomwe mpira ukagwere, ndipo buku la malamulo silinena za njira imeneyi, ndi nzeru yobwereka chabe. Koma mfundo yake imagwira. Gwirani malo awiri m'mutu: pomwe mpira unamenyedwera ndi pomwe wagwera koyamba. Osati pomwe wakaimira utagudubuzika, osati pomwe mwana wautola, pomwe wagunda koyamba, kaya ndi pansi kaya ndi padenga la kalasi. Lumikizani malo awiriwo ndi chingwe cha m'maganizo. Pomwe chingwecho chadula mzere wa m'mbali ndi pomwe aponyere.

Tiyeni tiwerengere limodzi kuti muone kukula kwa nkhaniyi. Tinene kuti galaundi ndi ya mamita 64 m'lifupi, goloboyi waima pakati ndiye kuti ali mamita 32 kuchokera ku mzere wa m'mbali. Waumenya, wapita kutsogolo mamita 50, wagwera mamita 8 kunja kwa mzere. Ndiye kuti chammbali wayenda mamita 40 onse pamodzi, ndipo mzere anaudutsa atayenda 32 mwa 40 amenewo, kutanthauza magawo anayi mwa asanu a ulendo wake. Magawo anayi mwa asanu a 50 ndi 40. Mpira unadutsa mzere pa mamita 40, osati 50. Mukalola kuti aponyere moyang'anana ndi pomwe wagwera, mwasuntha throw-in ndi mamita 10 athunthu, ndipo taonani amene waluza: timu yoponya ikupita ku golo ya goloboyi yemwe uja, ndiye mwaibweza m'mbuyo mamita 10, mwapereka mphatso kwa amene anataya mpira. Lamulo losavuta kukumbukira ndi lakuti mpira wotuluka chopendekeka nthawi zonse umadutsa mzere kufupi ndi woumenya kuposa pomwe wagwera, ndipo ukagwera kutali kwambiri ndi mzere, kusiyanako kumakulanso.

Ndiye mukagwirizana ndi refu musanayambe, zimayenda chonchi. Mpira watulukira m'mwamba, inu mwakweza mbendera, mwaloza mbali. Woponya watenga mpira akubwera pa mzere. Refu amene waona malo amamulozera ndi dzanja kuti bwerera, bwerera, pomwepo. Ngati zachitikira ku hafu yanu ndipo muli pafupi, inu mutha kumulozera malo ndi dzanja lopanda mbendera, koma musasiye ofusayidi yanu kukaima pamalopo nthawi yaitali. Ngati zachitikira ku hafu inayo ya mzere wanu, komwe inu simufikako, malo ndi a refu, inu ntchito yanu ndi kungomuuza kuti watuluka.

Wakhudza komaliza ndani

Mpira wa goloboyi ukatuluka osakhudzidwa nkosavuta. Zimavuta anthu awiri akalumphira limodzi ndi mitu pafupi ndi mzere. Apa gwiritsani ntchito makutu komanso maso. Mpira ukakhudza munthu umasintha kazunguliridwe kapena njira ngakhale pang'ono, ndipo nthawi zambiri kamamveka kaphokoso kawiri, tha-tha, ndiye wachiwiriyo ndi amene mukumufuna. Taonaninso komwe mpira walowera, munthu amene akuyang'ana kumzere ndi amene nthawi zambiri amaukankhira kunja ndi chipumi, koma samalani ndi womwe wangopsepsa pa liwombo la wina. Osewera onse awiri adzakweza manja, zimenezo musaziwerengere. Koma kasekondi koyamba thupi silinama, amene waukhudza komaliza nthawi zambiri amayamba kubwerera m'mbuyo asanakumbukire kukweza dzanja.

Mukatsimikiza, lozani mwachindunji, dzanja lowongoka, mbendera yopendekeka m'mwamba cha mbali yomwe timu yoponyayo ikupita. Mukakayika musalote. Kwezani mbendera chowongoka kusonyeza kuti watuluka, yang'anani refu m'maso, iye akaloza inu tsatirani. Palibe chinthu chonyansa m'galaundi ngati refu kuloza kumpoto layinzimani kuloza kummwera. Ngati mwaona bwino ndipo refu waloza kolakwika, muuzeni ndi kachizindikiro komwe munagwirizana, koma iye akalimbikira tsitsani mbendera, mukakambirana pa hafu taimu. Ndipo mpira ukatuluka pang'ono chabe osewera nkumapitiriza ngati palibe chachitika, yambani mwakweza mbendera m'mwamba mpaka wezulo ilire, kenako mulozeno mbali.

Nanga ukagunda munthu kapena chiweto? Ngati wadutsa kale mzere nkugunda sapota, ndi throw-in wamba. Koma ngati sapota, galu kapena mbuzi yalowa m'galaundi nkuutchinga mpira usanatuluke, sitinganene kuti ukanatuluka ndiye aponye ayi, refu amaimitsa nkugwetsa mpira, ena onse atalikire mamita 4. Ichi nchifukwa chake ndinati masapota abwezedwe.

Ku mzere wa kugolo

Pa kona ya mbali yanu imani kumbuyo kwa mbendera ya pakona moyang'anana ndi mzere wa kugolo, osamutchinga womenya. Makona opindira kunja kenako nkulowa mkati aja ndi amene amatuluka m'mwamba anthu osaona, ndipo inu nokha ndi amene mungaone chifukwa muli pa mzere. Ukatuluka kwezani mbendera nthawi yomweyo, musadikire kuti muone ngati chigoli chilowe, chifukwa mukakweza chitalowa kale anthu adzati mwakweza chifukwa cha chigolicho. Kenako lozani golokiki. Ndipo mpira ukatulukira m'mwamba pafupi ndi kona penipeni moti simukudziwa ngati ndi throw-in kapena golokiki, chingwe cha m'maganizo chija chimagwiranso ntchito: kodi chadutsa mbali iti ya kamtengo ka pakona? Kamtengo kameneka lamulo limati kasachepere mita imodzi ndi theka, ndiye musalole timitengo tifupitifupi tosongoka, nkoopsa komanso sikakuthandizani kuona.

Mipira yothamangira ku mzere wa kugolo ithamangireni mpaka kumapeto, musaweruze muli mamita 15 kumbuyo. Frank Lampard mu 2010 ku Bloemfontein anagoletsa chigoli choonekeratu pomwe England imasewera ndi Germany, mpira unagunda bala nkugwera mkati, koma layinzimani anali kutali ndi mzere, sanachione. Pofika World Cup ya 2014 ku Brazil anali atabweretsa makina oona mzere wa pagolo. Ife makinawo tilibe, makina athu ndi miyendo.

Poponya penipeni

Malo mwawapeza, tsopano atetezeni. Osewera amaba malo pang'onopang'ono, akuyenda akunamizira kufuna mnzawo womuponyera, mukadzazindikira asuntha mamita asanu ndi awiri. Muchenjezeni asanaponye, kamodzi, ndi mawu aulemu, achimwene bwererani apa. Akaumirira nkuponyera malo olakwika, mpira upite kwa timu inayo, lamulo nambala 15 limatero. Mukachita zimenezi kamodzi mphindi khumi zoyambirira, gemu yonse aziponyera pamalo. Koma musakhalenso munthu wovuta pa sitepe imodzi pakati pa galaundi, mpira umafunika uziyenda, limbikirani pomwe kusiyana kuli kwakukulu kapena kufupi ndi bokosi komwe kuli anyamata oponya mpaka pagolo.

Woponya ayang'ane m'galaundi, mapazi onse awiri akhale pansi, pa mzere kapena kunja kwake, manja onse awiri, mpira uchokere kumbuyo kudutsa pamwamba pa mutu. Kuponda mzere si mlandu, anthu ambiri amakuwa pachabe, ngakhale zala zitalowa mkati bola mbali ya phazi ikukhudza mzere. Ambiri timagawana kuti layinzimani aziona mapazi refu aziona manja. Adani atalikire mamita 2 kuchokera pomwe akuponyera. Mpira ukaponyedwa koma osalowa m'galaundi, wangoyenda kunja motsatira mzere, timu yomweyo ibwereze pamalo omwewo. Palibe ofusayidi pa throw-in, ndipo mpira woponya sungalowe chigoli mwachindunji, ukalowa mu golo ya adani osakhudzidwa, imakhala golokiki, ukalowa mu golo ya timu yoponyayo ndi kona.

Za mantha

Pa mzere mumakhala pafupi ndi anthu kuposa refu, mawu onse oipa amagwera inu, nthawi zina ochokera kwa anthu oti mumapemphera nawo kapena amalume anu enieni. Musatembenuke kuyankha, mukatembenuka mpira umatuluka kumbuyo kwanu. Ngati mwasankhidwa ndi timu yanu kuti mugwire mbendera, monga timachitira m'mipira ya m'midzi kuti timu iliyonse ipereke munthu m'modzi, dziwani kuti mukagwira mbendera mulibenso timu, ndipo refu wanzeru amakupemphani kuti muzingosonyeza kutuluka kokha, zina zonse asiyireni. Zinthu zikafika poopsa, miyala kapena anthu kulowa, pitani kwa refu aimitse mpira, moyo wanu ndi wofunika kuposa mbuzi ya bonanza. Kwa achemwali amene mukuopa kuti anthu akunyozani, Bernadettar Kwimbira ndi mwana wa konkuno ku Malawi ndipo anakagwira mbendera pa World Cup ya amayi ku Canada mu 2015 komanso ku France mu 2019. Mbendera yake ndi yomweyi mwagwira inuyi.

Kayeserereni

Pezani anzanu atatu tsiku lomwe galaundi ili yopanda anthu. M'modzi akhale goloboyi aziumenya dala kunja, wina aime kumbuyo kwake ngati wa chipewa choyera uja, wachitatu akhale wotola mpira ndipo aziima pomwe wagunda koyamba. Inu khalani pa mzere ndi mbendera. Mpira ukatuluka, ikani mwala pomwe inu mukuganiza kuti wadutsira musanafunse aliyense. Kenako yendani pa mzere dzanja lili m'mwamba kuchokera kutsogolo kubwerera, mpaka wa kumbuyo kwa goloboyi uja atakuonani kuti mwalowa pakati pa iye ndi wotola mpira, atsitse dzanja. Werengani masitepe kuchokera pomwe mwaima kufika pa mwala wanu. Chitani kakhumi kuchokera pafupi, kakhumi mutaima kutali cha ku kona, kenako musinthane malo kuti aliyense alawe mbali zonse. Poyamba mudzapeza kuti miyala yanu yambiri ili kutsogolo kwa malo enieni, cha komwe mpira wagwera, chifukwa diso limakopeka ndi fumbi lomwe mpira wadzutsa. Bwerezaninso tsiku la mphepo, komanso cha m'ma 4 koloko dzuwa likukuombani kumaso.